Njerwa za Aroma, Njerwa za Adatchi

A Zefaniya Ngozo anali mmisiri womanga nyumba za njerwa, koma iwo eni ankagona m'nyumba ya mitengo yomata ndi dothi, yofolera ndi udzu. Anamangapo sitolo za Amwenye ku Dedza boma, nyumba za aphunzitsi kumishoni, ngakhalenso chimbudzi cha mzungu woyang'anira nkhalango, chokhala ndi windo lagalasi ngati kuti munthu amapita kumeneko kukaona dziko. Anali bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, wosachuluka mawu, ndipo khoma lokhota linkawadwalitsa. Pamsika panali sitolo ina imene sankagulako ngakhale mchere chifukwa choti ngodya yake inapendama. Koma pakhomo pawo, m'tsinde mwa phiri la Chongoni, panalibe njerwa ngakhale imodzi yoti n'kutsekera khola la nkhuku. Sunali ulesi, sunalinso umphawi. A Zefaniya anali mkamwini.

Kuti mumvetse bwino, muyambe mwadziwa kamtsinje ka Kamphete. Kamtsinje kameneka m'chilimwe mwana amakalumpha osanyowa n'komwe, koma masiku amenewo akuluakulu ankakaopa kuposa Linthipe atadzaza. Kumtunda kwake kunali mudzi wa Angoni, eni ng'ombe, opemphera kwa Adatchi. Kumunsi, kudambo, kunali mudzi wa Achewa, eni madimba a kabichi ndi mbatata ya kachewere, opemphera kwa Aroma. Makolo a anthu a kudambo anagonapo m'mapanga a Chongoni pothawa nthungo za makolo a anthu a kumtunda. Nkhondoyo inatha kalekale, koma adzukulu anaisunga bwino ngati chimanga cha mbewu pautsi. Amishoni atafika, aliyense anangotola tsidya lake, ndipo chidani chakale chija chinangosamba n'kuvala malaya a Lamulungu. Moto sankapalana. Pamaliro ankapita ndithu, chifukwa maliro sakanidwa, koma ankakhala kumapeto kwa bwalo n'kutsanzika chakudya chisanabwere.

A Zefaniya anabadwira kumtunda. Ali mnyamata anakaphunzira zomangamanga kumishoni ya Aroma, poti chaka chimenecho ntchito inali kumeneko, ndipo pakati pa atsikana otungira amisiri madzi panali Anastazia wa kudambo. Mnyamata anayamba kumva ludzu pafupipafupi. Atakanena kwawo, bambo awo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ng'ombe zanga siziwoloka Kamphete kukagula korona wa Aroma." Mngoni amalowola, mkazi n'kubwera kwa mwamuna. Popanda ng'ombe panatsala njira imodzi yokha, ya Achewa, yoti mwamuna akakhale kwa mkazi. A Zefaniya anakulunga mpeni wawo womangira, levulo ndi chingwe m'bulangete, nawoloka. Kumtunda anawalira ngati afa, kenaka analeka kuwatchula. Achimwene awo aakulu, a Timoteyo, amene pambuyo pake anadzakhala mkulu wa mpingo, sanapondepo pakhomo pawo ngakhale pamene ana ankabadwa.

Kudambo anawalandira monga mmene munthu amalandirira khasu lobwereka, kulimira ndithu, koma osaiwala kuti si lako. Mlamu wawo, a Anselmo, mlongo wa a Anastazia, ndiye anali mwini mbumba. Anali munthu wansangala, wosakweza mawu. Chaka china a Zefaniya anaumba njerwa kuseri kwa nkhokwe, poganiza kuti ana atatu ndi imvi zoyamba zawagulira malo. A Anselmo anabwera, nayenda mozungulira njerwazo manja ali kumbuyo.

"Zokongola, alamu. N'zogulitsa, eti?"

Zinakhaladi zogulitsa. Nyumba ya njerwa sisamuka, ndipo mkamwini amene akuimanga pamalo a eni ake akulengeza kuti sadzachoka, mwinanso kuti abale ake adzabwera kudzaiwerengera iye akadzafa. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo a kudambo ankafuna kuti wawoyu akhalebe woterereka ngakhale atatha mano m'kamwa. A Zefaniya sanadandaule kwa munthu, koma chinthu chimenechi chinkawapweteka kwambiri mumtima. Ankafuna khoma limodzi lokha kwawo kuno, loti iwo akadzagona kumanda anthu azidzaliloza n'kumati anamanga a Ngozo.

Mwayi wawo unabwera ndi chinthu chomwe dziko lonse linkachitukwana. Chinali chitaganya, chija azungu analumikiza Nyasalandi ndi maiko awiri a Rodeshiya anthu akukana. Mafumu ambiri anachikana poyera. Mfumu yaikulu ya dera lino itaitanidwa kuboma pamodzi ndi anzake, sinavomere, sinakanenso. Inangokhala duu, kuyang'ana nsapato zake. Zikuoneka kuti masiku amenewo kukhala chete kunali ndi mtengo wabwino, pakuti pasanapite nthawi mesenjala anabwera ndi uthenga wakuti boma lapatula ndalama zomangira kachipatala pa Kamphete penipeni, pamalire a midzi iwiri ija, kuti anthu okhala mofulatirana aphunzire kukhalira pamodzi. Nthawi imeneyo chipatala chinali kutali kwakuti wodwala womunyamula pamachila ankafikako atachira kapena atazizira. Boma linalonjeza simenti, zitseko, malata ndi dokotala. Mbali ya anthu inali kuumba njerwa ndi kututa mchenga.

Ndiye pakamwa pa anthu panatseguka. Nkhaniyi inatafunidwa pamsika, pamowa, pamtondo, ngakhale pakhomo la tchalitchi anthu asanachotse n'komwe nkhope zopempherera.

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," anatero a Timoteyo kumtunda. "Ansembe ndiwo akankha zimenezi. Mudzaona mtanda pamwamba pa chitseko."

"Mfumuyo ndi Mngoni mnzawo," anatero a Anselmo kudambo. "Dokotala adzakhala Mdatchi, ndipo ife tizidzaima kumapeto kwa mzere, mankhwala atatha."

Amuna obwera kuchokera ku Halale, amene anaona okha mmene munthu wakuda amagulira nyama pawindo, ankati ndalamazo ndi nyambo ya padiwa. Ena ankati si nyambo ayi, ndi msonkho wathu womwe uja ukubwerera kwawo utasochera zaka zambiri. Wangolo wina wa kwa Kaphuka ndiye anakwiya kuposa onse. "Ife tinakana chitaganya mpaka kusasa mawu, tapeza chiyani? Inu mfumu yanu yangotseka pakamwa, mwapata chipatala. Akanatiuza kale kuti chete amalipira."

A Anastazia, amene anaikapo ana awiri m'manda chifukwa cha chibayo, sankachulutsa zonena. "Mwana akamabanika safunsa kuti jekeseni wagula ndani," ankatero akupeta, ndipo amayi ambiri, a tsidya lino ndi a tsidya lija, ankaganiza chimodzimodzi ngakhale kuti pabwalo sankafunsidwa.

Pomaliza midzi yonse iwiri inafika pa mfundo imodzi, uliwonse pawokha: ndalamazo n'zonunkha, koma si bwino kuti a tsidya linalo adye okha. Motero onse anavomera, aliyense atatseka mphuno, ndipo mesenjala anabwerera kuboma ndi yankho.

A Zefaniya akafunsidwa maganizo awo ankangoti, "Chitaganya ine sindinachionepo. Chimene ndimachidziwa ndi khoma." Anthu ankaseka n'kumati mkamwini alibe mawu, osadziwa kuti mtima wa bamboyu unali ukuvina. Malo a pa Kamphete sanali a mlamu aliyense. Ndipo pofuna mmisiri, a kumtunda anakana Mroma, a kudambo anakana Mdatchi, mpaka anakumbukira kuti pali munthu mmodzi amene mbali zonse zinali zitamutaya kale. Kwa nthawi yoyamba kukhala wopanda kwawo kunawapindulira, ndipo ntchito inakhala yawo.

Chilimwe chimenecho anali ku Dedza boma kumaliza sitolo ina, choncho anangotumiza mawu akuti anthu ayambe kuumba. Zotumiza chikombole choumbira sanaziganize. Kuumbira pamodzi kunakanika tsiku loyamba lomwe, pa nkhani yoti pemphero lotsegulira ntchito apereke ndani. A kumtunda anakakumba chulu chawo, natulutsa chikombole chomwe makolo awo anaumbira njerwa za tchalitchi. A kudambo anakumba dothi la m'mphepete mwa dambo, nakabwereka chikombole kwa ansembe. Unali mpikisano woopsa. Mbali ina ikamva kuti inzake yaumba mpaka dzuwa kulowa, mawa lake inkalawirira nkhuku zisanatsike. Mauvuni awiri anayaka nthawi imodzi, utsi wake n'kumakumana m'mwamba poti utsi ulibe mpingo, ndipo njerwa zinapsa bwino mbali zonse.

A Zefaniya atabwera anapeza milu iwiri itasanjidwa pamalo omangapo, wina uku wina uko, eni ake ataima pambali pake monyadira. Anatola njerwa imodzi pamulu wa kumtunda, ina pamulu wa kudambo, naziyandikizitsa. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anakhala pansi.

"Achimwene, chikombole munachitenga kuti?"

"Kutchalitchi kwathu, amisiri," anayankha a Timoteyo. Chiwolokereni mng'ono wawo, dzina lomwe ankamuitanira linali limeneli. "Kulinso kwina kotenga?"

"Nanga inu, alamu?"

"Kwa abambo ansembe."

"Panalibe amene anawoloka kukaona cha anzake?"

Panalibe. Aliyense anakula akuona njerwa za tchalitchi chake, ndipo ankadziwa ndi mtima wonse kuti njerwa padziko lapansi imakhala choncho. Tsono njerwa ya Aroma inali yaitali ndi zala ziwiri kuposa inzake, yonenepanso, yoderako chifukwa cha dothi la kudambo. Ya Adatchi inali yaifupi, yopyapyala, yofiira psuu. Kuziyala mumzere umodzi sikukanatheka.

"Zawozo zikamangire chimbudzi," anatero wina wa kumtunda. "Zanenepa ngati wansembe."

"Zanuzo bwanji," anabweza wa kudambo, "zaonda ngati ng'ombe zanu mu Okutobala."

Vuto linali lakuti mulu umodzi pawokha sukanakwanira, ndipo mitambo inali itayamba kale kusonkhana pa Chongoni, moti zoumbanso zina panalibe. A Zefaniya anawasiya akukangana. Anagona nayo nkhaniyo dzinja lonse, ndipo mvula itangodula anakoka chingwe. Anayala mzere wonse wa njerwa za Aroma kuzungulira nyumba, pamwamba pake mzere wonse wa za Adatchi, kenaka za Aroma, motero basi. Kunja ankalinganiza kuti khoma likhale losalala, m'kati mopereweramo n'kumadzaza ndi matope, pangodya n'kumasema njerwa imodziimodzi ndi mpeni. Inali ntchito yochedwa, yoti mmisiri wina akanaponya mpeni pansi n'kubwerera kwawo, koma iwo kwawo kunali komweko. Simenti ya boma inangokwana maziko okha, kwina konseko anamangira dothi.

Amene anaona masiku amenewo amawakumbukirabe. M'mawa wa mu Juni, nkhungu itaphimba phiri, mphepo ya Dedza ikuluma zala, munkamva mpeni wa a Zefaniya ukugogoda njerwa anthu asanatuluke m'mabulangete. Midzi inkabwera kudzathandiza mosinthana, uwu tsiku lake uwo lake, kuti asakumane. Koma mchenga unali pamalo amodzi, madzi pachitsime chimodzi, ndipo amayi anayamba kusokoneza masiku dala. Nyemba za kumtunda zinapezeka zitamera m'madimba a kudambo osadziwika kuti zawoloka bwanji. Masana a Anastazia ankabwera ndi mbatata yootcha ndi chipanda cha thobwa, n'kukhala pamulu wa mchenga kumawanena amuna awo kuti akukonda khoma kuposa mkazi. A Zefaniya sankakana. Khomalo linkakwera lili ndi mizeremizere, wofiira, woderako, wofiira, woderako, moti oyenda pamsewu ankapatuka kudzaliona. Ena ankaliseka kuti lafunda bulangete la ku Joni. Madzulo, anthu atapita, mwini ntchito ankabwerera chambuyo mpaka pakamtsinje n'kuima pamenepo akuliyang'ana. Pa moyo wawo wonse sanakondwepo ngati nthawi imeneyo.

Khoma linafika poikira denga. Malata sanabwere. Kuboma ankati ali m'njira, ndipo njirayo iyenera kuti inali yaitali, pakuti mvula inagwa, inadula, inagwanso. Chaka ndi chaka mitambo ikayamba kuda, a Zefaniya ankamweta udzu n'kuphimba pamwamba pa khoma lonse kuti madzi asasungunule dothi la m'mizere. Palibe anawatuma. M'kati munkagona mbuzi.

Nthawi yomweyo dziko linkatentha. Misonkhano ya Kongeresi inafika mpaka m'midzi, ndipo mawu a anthu pa za chipatala anasintha. Aja ankati ndi msonkho wathu anayamba kulankhula chapansipansi, aja ankati ndi nyambo anayamba kuyenda chifuwa chili patsogolo. Mfumu ya chete ija inasiya kuoneka pamsika. Chodabwitsa chinali chakuti anyamata a midzi iwiriyi ankapitira limodzi kumisonkhanoko. Kenan, mwana wa a Timoteyo, amene anali mphunzitsi, ankawoloka Kamphete dzuwa likuswa mtengo kudzatenga Vinsenti, mwana woyamba wa a Zefaniya, amene anali telala. Ana apachibale amenewa anakula osapatsana moni, ndipo anadziwana chifukwa cha chitaganya.

Tsiku lina Vinsenti anapeza bambo ake ali pamakwerero ndi mtolo wa udzu.

"Bambo, tsikani. Anthu akukunenani."

"Akuti chiyani?"

"Akuti khoma limeneli ndi chala chimene mfumu inadinda pogulitsa dziko, ndipo inu ndi amene mukuchifunditsa kuti chisazizidwe."

"Njerwazi anaumba ndi amako ndi amalume ako. Mzungu sanapondepo dothi pano."

"Koma akadzafolera, dzina lidzakhala lake."

A Zefaniya sanatsike. Anamaliza mbali imeneyo.

Mu Malichi wa 1959 lole ya asilikali inafika m'mbandakucha n'kutenga Kenan ndi Vinsenti. Anawakweza pamodzi, dzanja la wina litamangidwa ku dzanja la mnzake, ndipo kumene anapita nawo kunalibe wodziwa bwinobwino. Apa ndi pamene boma linakumbukira kuti limakonda anthu. Chimanga chisanaume m'munda, lole ina inabwera pamsewu womwewo n'kutsitsa malata pa Kamphete, ndi misomali yake yomwe, ndi zitseko.

A Zefaniya anapita kukawaona. Anali malata atsopano, onyezimira, onunkhira mafuta. Anawasisita ndi chikhatho, ndipo mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe usanawafunse. Kenaka anakumbukira kumene kunali mwana wawo, nachita manyazi aakulu, moti anayang'ana uku ndi uku kuopa kuti wina wawaona.

Lamulungu lotsatira midzi iwiri ija inachita chimene sinachitepo chiyambire: inakhala pamsonkhano umodzi. Malo osakondera mbali anali amodzi okha, choncho anthu anakhala m'kati mwa khoma lopanda dengalo, atathamangitsa mbuzi. A Zefaniya sanapite. Phokoso linkamveka mpaka pakhomo pawo, koma mawu ake osamveka bwino.

M'mawa mwake a Anastazia akusesa pabwalo anaona amuna awiri akubwera mondondozana m'kanjira ka kudimba. Kutsogolo kunali a Anselmo. Wa kumbuyoyo a Anastazia anachita kumuyang'ana kawiri, tsache n'kugwa. Anali a Timoteyo, atavala jekete la kutchalitchi, akuponda pabwalo la mng'ono wawo koyamba. Mayiwo anatulutsa mipando, nagwada kupereka moni, kenaka anathamangira kuseri kukagwira nkhuku.

"Ngozo," anatero a Timoteyo atakhala pansi.

A Zefaniya anali asanamve chiwongo chawo kuchokera pakamwa pa mbale wawo chichokereni kumtunda. "Ngozo, achimwene. Mwatiyendera."

"Tabwera ndi mawu a anthu. Malata abwerera kwa eni ake. Koma khoma tikalisiya, boma libweretsa akaidi adzafolere, kenaka lizidzauza dziko kuti anthu a pa Kamphete alandira chitaganya ndi manja awiri, ana athu ali m'ndende."

"Anyamata amafuna kuligwetsa dzulo lomwe ndi mitengo," anawonjezera a Anselmo. "Tawaletsa. Njerwa zija ndi thukuta lathu, alamu, sizinalakwe. Tikufuna zitsike zathunthu, aliyense atenge zake. Ndiye mmene munazilukira muja, wodziwa pomasulira ndinu nokha."

"Nanga odwala?"

"Dziko likadzakhala lathu tidzamanga china," anatero a Timoteyo. "Mudzamanga ndinu nomwe."

A Zefaniya anayang'ana manja awo. Anali manja a munthu wokalamba, ndipo onse atatu ankadziwa zimenezo. Anatembenukira kwa akazi awo, amene anali atagwada chapatali ndi beseni la madzi osamba m'manja.

"Musandiyang'ane ine," anatero a Anastazia motsitsa. "Jekeseni ndikumufunabe. Mwananso ndikumufuna. Mwana ndi wa tonsefe, koma khoma ndi lanu."

Akanatha kukana. Palibe akanawamenya. Koma anaona kuti akakana khoma ligwabe, ligwa mophwanyika, ndipo Vinsenti akadzatuluka adzamva kuti pamene midzi iwiri inagwirana manja chifukwa cha iye, bambo ake anaima kumbali ya malata. Nkhuku itapsa anadya ndi achimwene awo m'mbale imodzi, chinthu chomwe anachilakalaka zaka zonsezi, koma sanamve kukoma kwake. Alendo atanyamuka anawaperekeza mpaka pankhokwe.

"Mawa mubwere ndi makwerero. Wina asakhudze khoma ine ndisanafike."

Tsiku limenelo pa Kamphete panali ngati pali ukwati. Malata anawasenza pamutu n'kukawasanja bwinobwino m'mphepete mwa msewu, misomali pamwamba, kuti boma lisadzanene kuti laberedwa. Kenaka a Zefaniya anakwera. Anachotsa udzu uja anafunditsa okha, nalowetsa nsonga ya mpeni m'dothi la pansi pa njerwa yoyamba, n'kuigwedeza pang'onopang'ono mpaka inavomera. Anaipala matope mbali zonse, naipereka pansi. Makwerero anali amodzi, motero mzere wolandira unakhalanso umodzi, Mngoni kupatsira Mchewa, Mroma kupatsira Mdatchi, mpaka kumapeto kumene ankazigawa milu iwiri. Sipanakhale mkangano, poti njerwa iliyonse inkadziwika kwawo. Amayi a kudambo anayambitsa nyimbo, a kumtunda n'kuvomera. Thobwa linachokera mbali zonse. A Timoteyo ndi a Anselmo anagwirizira makwerero limodzi, akukambirana za matenda a ng'ombe.

Munthu mmodzi yekha ndiye sankaimba. Njerwa zambiri ankazikumbukira: iyi ndinaisema pangodya tsiku la mphepo lija, iyi inali yokhota ndinaitembenuza. Zinkawawawa ngati akuzula mano awo, koma sanaswe ngakhale imodzi, ndipo anakana kuti wina awalandire. Khoma lomwe linawadyera zaka linatsika mlungu usanathe. Atafika pamaziko a simenti anaima, napukuta mpeni paudzu.

"Apa ndi pa boma," anatero. "Zanu zatha."

Anthu anaomba m'manja, amayi anaimba nthungululu. Anawatamanda kuti ndi mwana weniweni wa dziko, a kumtunda akuti ndi wathu, a kudambo akuti ayi, ndi wathu. A Zefaniya anathokoza onse mwaulemu, nalandira chipanda ndi manja awiri, kenaka anapita kunyumba pang'onopang'ono osacheuka.

Kenan ndi Vinsenti anabwerako chaka chotsatira, ataonda koma ali moyo. Njerwa zija zinamangira zipinda za sukulu, china kumtunda china kudambo, chilichonse ndi njerwa za mtundu wake. Mbali zonse zinabwera kudzapempha a Zefaniya kuti amange ndiwo, a Timoteyo mpaka anabwereza ulendo atanyamula tambala. Koma iwo ankapepesa kuti maso afooka, chingwe sakuchionanso bwino, khoma lingakhote. Anthu anamvetsa, poti ukalamba ulibe mankhwala, nakaitana mmisiri wa kwa Kabwazi. A Zefaniya anatsala ndi dimba la kabichi, ndipo sanagwirenso njerwa kufikira imfa yawo.

A Anastazia sanawatsutse pagulu ngakhale tsiku limodzi. Koma zaka zonsezo, akafuna kusoka chigamba, ankatenga singano ndi ulusi n'kupatsira amuna awo, ndipo ulusi unkalowa ulendo umodzi.